Funso la Mango a Chiponyamkanda

Lolemba

Ndikudziwa chimene mukuopa, inu amene mudzatsegule kope lino ine kulibe. Mukuti kulowetsa nkhani ya akapolo m'masewera a ana ndi kutokosa mavu ndi chala. Mtima pansi. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, nkhani zotere ndazizolowera. Chinsinsi chake n'kusankha mawu bwino. Mawu osankhidwa bwino sapsetsa munthu mtima.

Nkhani ndi iyi. Loweruka kuli kwizi. Ana athu a Fomu 2 akupikisana ndi anzawo a sekondale ina ya ku Mlonyeni, pabwalo lathu, makolo akuonerera. Ahedi apatsa ine ntchito yolemba mafunso. Ine! Ati chaka chino tisiye za malikulu a maiko akutali, tifunse za kwathu konkuno. Chimwemwe chake, ndaphunzitsa piriyodi yonse choko chili kukhutu ndikuchifunafuna patebulo.

Malamulo a funso labwino la kwizi, monga ndimawadziwira:

likhale ndi yankho limodzi lokha;
liwerengeke ndi mpweya umodzi;
likhale loona;
makolo akalimva agwedeze mutu movomera.

Zida zake sizovuta. Gulu lililonse lipatsidwa mbale yachitsulo ndi supuni. Wodziwa yankho amenya mbale. Mphoto ndi mpira wachikopa, wopereka a Saidi, eni golosale ya pa Kamwendo, anzanga a pabawo.

Mafunso akungotuluka okha ngati ngumbi mvula itagwa. Mitsinje. Mapiri. Mbewu. Koma la nambala seveni ndilo landitenga mtima: "Ndani anadzala mitengo ya mango ya m'njira yakale?" Yankho: Chiponyamkanda. Palibe mwana kuno amene sanamvepo dzinali.

Poweruka ndadzera komweko. Mitengo ija, abale! Ili mumzere kuchokera kudambo kulowera kum'mawa, ngati anthu ali paulendo. Nthambi zake zakumana pamwamba, pansi pake kamdima kozizira ngati m'tchalitchi. Mango ali mbwee. Ndatola limodzi. Munthu amene anakwirira njere yake sanaonepo galimoto, sanaonepo msewu watala wopita ku boda, koma lero wandidyetsa, ulusi uli m'manomu. Ndaima pamenepo kukamwa kuli yasa ngati mlendo.

Kavuto kakang'ono. Funso losafotokoza munthu siliphunzitsa kanthu. Ndiyenera kuwonjezera liwu limodzi lonena kuti anali ndani. Ndalemba kuti "wamalonda." Koma malonda a chiyani? Tonse timadziwa. Minyanga, mikanda, nsalu. Ndi anthu.

Mawa ndifunsako anzanga. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito yake ndi yongomwera tiyi.

Lachiwiri

M'mawa, m'chipinda cha aphunzitsi. Ndaonetsa a Jere, mphunzitsi wa masamu, wachinyamata, wolankhula mowongoka ngati rula yake.

"Wamalonda? Akulu, wamalonda ndi a Saidi, amagulitsa sopo. Uyu ankagulitsa anthu. Lembani choncho, mwatha."

Akunena zoona. Ndakonza: "Ndani wogulitsa akapolo amene anadzala mitengo ya mango ya m'njira yakale?" Ndi loona. Mpweya umodzi. Zatheka!

Poti tiyi anali asanathe, ndawafotokozera kuti ukapolo wa kuno sunali wa mtundu umodzi. Panali ogulitsidwa n'kutengedwa ulendo wa kunyanja, osabweranso. Panali achikole, ndiye kuti munthu wosiyidwa m'manja mwa wina kuti agwirire chakudya kapena mlandu, abale ake akadzapeza chowombolera adzamutenge. Panalinso ogwidwa pankhondo. Nditafika pa achitatuwa, a Jere, amene amanyadira kwambiri Ungoni wawo, ayamba kufunafuna bolopeni yofiira imene inali m'manja mwawo.

"Zimenezo n'zosiyana, akulu. Zinali za nkhondo. Ife tinkawasandutsa abale."

Ndawafunsa mofatsa ngati abalewo ankayamba afunsidwa. Belu lalira. Sindinaonepo a Jere akuthamangira kalasi chotere.

Masana. Kwatulukira a Nabanda, apampando wa komiti ya sukulu, matope a kuwokera fodya ali m'miyendo. Amva kale! Amva bwanji? Nkhani kuno ili ndi njinga yakeyake.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mukufuna kutukwana malume athu pa chinkuzamawu."

Ndifotokoze, poti mwina wowerenga adzakhala wa kwina. Kuno ubale timauwerengera kuchikazi. A Nabanda ndi ochokera mwa mlongo wake wa Chiponyamkanda, choncho kwa iwo ndi mbumba yawo yonse munthuyo ndi malume. Osati malume a kalekale. Malume basi. Akuwatchula ngati atsikira kudimba, abwera posachedwa. Ndazizwa. Ine m'kalasi ndimati "kale," ndipo kaleyo amakhala m'buku. Kale wa a Nabanda wakhala pampando wanga, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

Ati kunagwa njala yoopsa, malumewo anatsegula nkhokwe zawo. Ati chitsime chimene sichiphwa chija anakumbitsa ndi iwo.

"Mudzi uno ukadatha psiti. Inuyo lero mukadaphunzitsa ndani? Anyani?"

Izinso n'zoona, ndinazimvapo kwa ena. Ndawonjezera: "Ndani wogulitsa akapolo, amenenso anatsegula nkhokwe panthawi ya njala..." Akana. Ati njala iyambe. "Munthu sumuyambira kumapazi pomupatsa moni." Ati chitsimenso chilowe.

Chalowa. Mpweya umodzi ukukwanirabe, ndikapuma mokoka kaye.

Lachitatu

Kwa Kamwendo pa kabaza, kukatenga mpira.

A Saidi andikhazika pakhonde la golosale, bawo lili pakati pathu. Ndawapatsa pepala kuti aone mmene mphoto yawo ikupitira pa zinthu zaphindu. Awerenga. Avula magalasi. Awerenganso opanda magalasi, ngati kuti mawu asintha.

"Amwalimu, mukangoti akapolo, ana onse atembenuka kuyang'ana kofiya yangayi. Ndikudziwa, ndinali mwana. Mutu umenewu ukafika m'kalasi ndinkasanduka Mwarabu sabata yonse. Ine wobadwira kuseri kwa chigayo uko!"

Ndaseka, iwonso aseka, koma nkhomo za bawo azigwira osaziponya.

"Sindikukana ayi. Anthu a chipembedzo changa analimo m'malondawo, ndipo ndi tchimo. Koma mlendo sadziwa nyumba imene muli mwana wopanda womuteteza. Panali woloza. Lembani kuti Chiponyamkanda anali mwana wa pompano."

Zaka zonsezi ndimajambula pabolodi muvi umodzi wochokera kum'mawa kulowa kuno, ndi wina wotuluka. Sindinajambulepo chala choloza. Tasewera bawo ndi munthu uyu kuyambira tili ndi tsitsi lakuda tonse, koma sindinkadziwa kuti phunziro limene ine ndimalikonda iye ankaliopa. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, akuluakulu sananame.

Zowonjezera za lero:

"mbadwa ya konkuno";
amene ankagula, kuti asaoneke ngati ankagulitsa kwa mphepo;
amene ankagula kwa ogulawo, poti a Saidi ati unyolo usadulidwe pamene pawakomera ena.

Andidya bawo mosandimvera chisoni. Mpira ati ukhale kaye, ulibe mpweya wokwanira, adzabwera nawo okha Loweruka. Ine ndauona uli pa shelefu, wolimba gwa. Akufuna adzamve ndi makutu awo.

Pobwerera ndayesa kuwerenga funso mokweza pa kabaza. Wopalasa waima, akuyesa ndikupempherera ulendo.

Lachinayi

M'mawa. Kuyeserera ndi ana, mafunso ena osati a Loweruka. Gulu lathu ladalira Tadala. Mtsikana uyu! Funso lisanathe mbale yalira kale. Wapinda supuni ya ahedi. Ndamufotokozera kuti kudekha ndi mbali ya nzeru. Wamenya mbale ndisanamalize kufotokozako.

Masana. Abwera mayi ake, a Nambewe, aja ogulitsa zitenje zokaoda ku Chipata. Kuseka kwawo kumafika iwo asanafike.

"Sa, funso lanu latchuka! Pa boda osintha ndalama akulikambirana. Wina akuti muikemonso Azungu."

Kenako akhala pa desiki ya ana, kuseka kwatha.

"Mwaikamo malume a anthu. Mwaikamo njala. Mwaikamo kofiya ya a Saidi. Nanga ogulitsidwawo ali pati? Alibe maina?"

Ndiye andiuza. Ndilemba momwe ndamvera.

Panthawi ya njala yomwe ija kunabwera banja lochokera kuzambwe, kutsidya kwa kumene lero kuli boda. Linasiya mwana wamkazi ngati chikole cha mapira. Dzina lake Ndasalapati. Womuwombola sanabwere. Anzake ena amene anasiyidwa chimodzimodzi anatengedwa ulendo wa kunyanja, kudzera m'njira ya mango yomwe ija. Iye sanagulitsidwe. Atakula, Chiponyamkanda anamutenga kukhala mkazi wake.

"Nkhokwe imene a Nabanda akunenayo inkatsegukadi, Sa. Koma inali ndi mtengo wake."

Apa pakufunika kufotokoza. Mwa mwambo wathu ana ndi a kwa mayi, mwini wawo ndi malume. Koma mkazi wachikole analibe mlongo woti adzati ana awa ndi anga. Choncho ana ake ankakhala a bambo, osachoka pamudzi. N'chifukwa chake amuna olemera a nthawi imeneyo ankakonda akazi otere. Ndakhala ndikuphunzitsa mfundo imeneyi chaka ndi chaka, ana n'kumaikopera m'makope. Lero mfundoyo yandiyang'ana m'maso itavala ndolo za ku Chipata. A Nambewe ndi ochokera mwa Ndasalapati.

"Kwa a Nabanda ndi malume. Kwa ine ndi agogo enieni, magazi ake ali muno. Akuluakulu onse akudziwa. Palibe amanena. Koma mwana wathu akafuna kukwatiwa m'mabanja ena, mumangomva kuti zavuta, osauzidwa chavuta."

Pempho lawo: dzina la Ndasalapati limveke pa chinkuzamawu. Koma liwu loti kapolo lisagundane ndi dzinalo.

Ndafunsa za Tadala. Ati za magazi akewa sadziwa kanthu.

"Ndimuuza ndekha. Lero ayi, ndikuthamangira minibasi, katundu akundidikira. Mawa ndikabwera tikhala pansi awiri."

Apita. Ine ndatsala ndi pepala. Lolemba ndinkaopa kulakwitsa mbiri. Tsopano ndikuopa china: mwana wa m'kalasi mwanga kumva za magazi ake koyamba pa chinkuzamawu, pamaso pa sukulu ziwiri, kuchokera pakamwa panga.

Poweruka ndalambalala njira ya mango. Ndaiona chapatali. Mitengo yomwe ija, yokongola chimodzimodzi. Mumzere, kulowera kum'mawa.

Lachisanu

Msonkhano mu ofesi ya ahedi. Ahedi ndi munthu wamtendere. Maganizo awo: tichotse funso la nambala seveni, tiikepo la kutalika kwa mtsinje wa Bua.

Ndinapumira m'mwamba, ndikuti ndapulumuka. Ayi ndithu! Anthu onse amene akhala akulimbana ndi funsoli sabata yonse lero agwirizana kuliteteza.

A Nabanda: "Mukalichotsa ndiye kuti malume athu ndi ochititsa manyazi."

A Jere: "Kumeneko n'kubisa mbiri." Anena akuyang'ana kudenga, osati kwa ine.

A Saidi atumiza uthenga pa foni: mawa atseka golosale chifukwa cha funsoli, choncho lisasowe.

Ndatchula pempho la a Nambewe. A Nabanda akonza duku lawo nthawi yaitali. Kenako: "Dzinalo ndikulidziwa. Likhalepo. Koma nkhokwe ikhale patsogolo."

Takambirana liwu lililonse ngati tikusankha fodya. "Komabe" kapena "ndiponso"? A Nabanda akufuna "ndiponso," a Jere "komabe." Ndawafotokozera kusiyana kwa mawu awiriwa mpaka ahedi atsinzina. Wapambana ndi "komabe," koma posinthana ndi "mbumba yaikulu."

Nali funso, monga lavomerezedwera:

"Ndani mbadwa ya konkuno, malume wa mbumba yaikulu, amene anatsegula nkhokwe zake panthawi ya njala nakumbitsa chitsime, komabe ankalandira ana ngati chikole cha chakudyacho, ena n'kuwagulitsa ukapolo kwa amalonda a kunyanja, amene nawonso ankawagulitsa kwa ena a kutsidya kwa nyanja yamchere, pamene mmodzi mwa ana achikolewo, Ndasalapati, anamutenga kukhala mkazi wake popanda womufunsa, amenenso anadzala mitengo ya mango ya m'njira yakale?"

Ndayesa ndi mpweya umodzi. Ndakomokera pa "chikole." A Jere andipatsa madzi.

Tione malamulo anga aja:

yankho limodzi: inde, bola pamenepo;
mpweya umodzi: pokhapokha munthu akhale ndi mapapo a ng'ombe;
loona: loona kuposa chilichonse chimene ndinalembapo;
makolo agwedeze mutu: agwedeza, sindikudziwa kuti molowera kuti.

Koma ndikaliyang'ana ndikuchita nalo mantha aulemu. Anthu angapo amoyo, aliyense waikamo wakufa wake. Si funso ili. Ndi mudzi wathunthu wapanikizidwa mumzere umodzi.

Madzulo. Ndakumana ndi Tadala akusesa pabwalo pokonzekera mawa. Ndafunsa ngati mayi abwera.

"Ayi Sa, minibasi yawafera. Agona komweko, afika mawa m'mawa."

Kalanga ine!

Zimene ndingachite: kumuuza ndekha. Sizingatheke, nkhani yotere imachokera kwa mayi kapena malume, osati kwa mphunzitsi wa mbiri. Kumuchotsa m'gulu. Ndayesa kuyamba: "Tadala, mwina mawa upumuleko..." Wandiyang'ana, tsache lili m'manja: "Ndalakwa chiyani, Sa?" Palibe. Palibe chimene walakwa. Ndamuuza kuti asese bwino kumakona.

Loweruka

Khamu! Sindinaonepo anthu otere pa kwizi. Nthawi ino ya kuwokera fodya, anthu asiya minda. Ogulitsa mandasi ayala malonda. A Saidi ali kutsogolo, mpira uli pamiyendo ngati khanda. A Nabanda ndi mbumba yawo atenga mabenchi onse a mumthunzi. Ana a ku Mlonyeni afika pa lole ndi makolo awo, akuimba.

A Nambewe kulibe.

Funso loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mafunso abwino, ndinawavutikira! Palibe wamkulu akumvera. Ndikungomva kunong'ona: "Tafika pa chingati?" Bambo wina wakuwa kuti: "Dumphani izo, aphunzitsi, mvula ikubwera!" Ndikuwerenga pang'onopang'ono ngati wa Sitandade 1, maso ali kumsewu.

Pa funso lachisanu, kabaza! A Nambewe atsika, mtolo wa zitenje uli kumutu, fumbi mpaka m'nsidze. Aima kumbuyo kwa khamu. Ndawafunsa ndi maso. Apukusa mutu. Sanamuuze. Akanamuuza nthawi yanji?

Lachisanu ndi chimodzi latha.

"Funso la nambala seveni. Ndani..."

NGWEEE! Mbale zonse ziwiri. Ya Tadala yatsogola.

"Chiponyamkanda, Sa!"

Zoonadi! Ndinaiwala chinthu chimodzi: funso limene lakambidwa kuchigayo, kumsika ndi pa boda silingakhale ndi yankho lobisika. Ngakhale mbuzi za kuno zikanamenya mbale. Sabata yathunthu yosankha mawu, ndawerengapo liwu limodzi lokha!

Koma mumtima ndikuvina. Mwana wapulumuka. "Wakhoza!" Ndikutembenuza pepala msangamsanga.

A Nabanda aimirira. "Werengani lonse, aphunzitsi. Nkhokwe yathu sinamveke."

A Saidi: "Amwalimu, ine ndatseka golosale."

Khamu lonse: "Lonse! Lonse!"

Ndayang'ana a Nambewe. Atula mtolo pansi. Adutsa pakati pa anthu osapupuluma, aima kumbuyo kwa mwana wawo, manja onse awiri pamapewa pake. Andigwedezera mutu.

Ndawerenga. Ndapuma pamene pafunika kupuma. Pa "nkhokwe" mbumba ya a Nabanda yaomba m'manja. Pa "chikole" manja aja aima m'malere. Pa "ukapolo" palibe mwana watembenukira a Saidi, onse akuyang'ana ine. Nditatchula Ndasalapati, kwa achikulire kwatuluka kaphokoso kapansipansi, "mmm," ngati nthaka yadzuma. Dzina limene lakhala likunong'onedwa kuseri kwa nyumba mibadwomibadwo lamveka pa chinkuzamawu, lakagunda khoma la Fomu 4 n'kubwerera.

A Nambewe awerama, koma alankhula mokweza kuti onse amve: "Tadala, ameneyo ndi agogo ako. Winayonso ndi agogo ako."

Mwana watembenuka. Supuni ili m'manja. Wayang'ana mayi ake, wayang'ana a Nabanda, wayang'ana anzake. Kenako wamenya mbale kamodzi, pang'ono chabe, monga amachitira akafuna kulankhula.

"Sa, ndiye ine ndine wa uti? Wogula kapena wogulidwa?"

Ine amene ndimafotokoza chilichonse. Ine amene ndinafotokozapo za kadamsana kwa kondakitala mpaka kupitirira siteji yanga. Ndatsegula pakamwa, mwatuluka mphepo yokha.

A Nabanda ndi amene adula chete: "Ndiwe wathu, mwanawe."

A Nambewe: "Wanu kuyambira liti, amayi? Lero?"

Pamenepo ndiye zinayamba. Mawu akwera, zala zaloza, ahedi akuimba belu ngati kwabuka moto. Ndinati zithera pa zibakera. Koma bambo wina wokalamba wa ku Mlonyeni, amene anabwera pa lole ndi mdzukulu wake, wapempha chinkuzamawu. Wati kwawo kunatengedwa anyamata awiri apachibale, maina awo amawadziwa, awatchule? Wawatchula. Wakhala pansi. Mayi wina waimirira, watchula lina. Wina, lina. Wina wati dzina sakulidziwa, amangomva kuti anali wamanzere ndipo ankaimba bwino. A Jere aimirira, ine ndikuti akukaletsa. Ayi. Ati agogo a agogo awo aakazi anagwidwa pankhondo kudambo la kuno, sanali Mngoni ayi. Akhala pansi msanga, osayang'ana munthu.

Ana a sukulu zonse ziwiri ali phee. Ana amene sindingawakhazike chete ngakhale pa mayeso! Ine ndangogwira waya wa chinkuzamawu kuti usakodwe, ndikumva maina akudutsa, ambiri oti sali m'buku lililonse padziko lapansi.

Kenako mvula. Yamphamvu, yosachenjeza. Anthu balala! Mwini lole wati akachedwa mtsinje udzaza, ana a ku Mlonyeni akwera akuthamanga. Malikisi anali pabolodi, bolodi linali panja. Latsukika mbee.

Mafunso anga otsala, onse abwinoabwino, ali m'thumba, anyowa.

Lamulungu

Kwizi inathera pa nambala seveni. Wopambana sakudziwika. Ahedi anditumizira uthenga waulemu kwambiri: temu ya mawa mafunso adzalemba ndi a Jere, ndipo adzakhala a malikulu a maiko akutali. Ndavomera. Likulu la dziko lakutali lilibe mbumba kuno.

Kutchalitchi ku Ludzi a Nabanda andipatsa moni wa nsonga za zala. A Nambewe anakhala mbali ina, iwo mbali ina. Sanalankhulane. Sindikudziwa ngati adzalankhulane, ndipo ndasiya kuganiza kuti chiganizo cholembedwa bwino chingawayanjanitse. Amayi ena awiri andidzudzula panjira kuti ndafukula zokwiririka. Bambo wina wandigwira dzanja nthawi yaitali. Onsewa ndawayankha kuti zikomo.

Amene ndinkamuopa ndi Tadala. Ndinamuona potuluka, ndinafuna kudzera khomo lina. Wandipeza. Maso otupa pang'ono, koma mutu uli chilili. Wati anachezera nkhaniyo ndi mayi ake dzulo mvula ikugwa, ndipo tchuthi chino akufuna apite nawo kutsidya kwa boda, akafunse ngati kuli amene akukumbuka banja limene linasiya mwana. Ndamuuza kuti mwina sakapeza kanthu, papita nthawi yaitali. Wati akudziwa.

Ndayamba kupepesa. Wandidula, monga mwa khalidwe lake.

"Sa, funso langa lija simunayankhe."

Ndavomera kuti sindinayankhe, ndipo yankho ndilibe.

"Ndiye malikisi ndi anga."

Ndi ake. Ndamupatsa onse.

Wapita akuthamangira mayi ake. Ine ndabwerera kunyumba wapansi, pang'onopang'ono, ndikulankhula ndekha ngati wozungulira mutu.

Inu amene mukuwerenga, mavu aja analumadi, sindikubisirani. Komabe ndikupempheni kanthu kamodzi, mukapeza mpata. Sankhani kholo limodzi la kwanu, lija limatchulidwa ndi ulemu kapena lija silitchulidwa n'komwe. Yesani kulemba chiganizo chimodzi chonena kuti linali ndani. Mukatha, musachisunge m'kope. Kachiwerengereni azakhali anu, kenako banja loyandikana nalo, ndipo mukamvetsere bwino. Cholembera mupite nacho.